MLIRI WA COVID-19 NDI MADOTOLO OPHUNZIRA OPALESHONI

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi. Taisindikiza pano kuti amene sanaimve aiwerenge, ndi kuti nyakwawa ziwerengere anthu awo pabwalo.

 Masiku ena timakamba za thonje ndi mapira, kapena za nkhupakupa za ng'ombe. Lero za kumunda taziika pambali pang'ono. Tikamba za anthu amene ambiri a inu simudziwa nkhope zawo, chifukwa mukakumana nawo iwo amakhala ataphimba kukamwa ndi kansalu, inu muli m'tulo ta mankhwala. Anthuwa ndiwo madotolo achinyamata, amuna ndi akazi, amene akuphunzira ntchito ya opaleshoni, ndiye kuti kung'amba thupi la wodwala, kukonza chimene chavuta m'kati, ndi kusokanso. Tifuna mudziwe chimene mliri wa Covid-19 unawachita, ndi chifukwa chake nkhani yawo ili nkhani yanunso.

DOTOLO WA OPALESHONI AMAPHUNZIRA BWANJI?

Mwana akakhoza bwino ku sekondale amapita ku sukulu ya udotolo ku Blantyre. Sukuluyi inatsegulidwa m'chaka cha 1991 ndi dzina lakuti College of Medicine, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Kumeneko maphunziro enieni a udotolo amatenga zaka 5. Akatha amagwira ntchito chaka ndi theka m'chipatala chachikulu, akulu akumuyang'anira. Apa ndiye wakhala dotolo, koma sanakhale katswiri wa opaleshoni ayi. Akafuna ukatswiri umenewu ayenera kuonjeza zaka zina 4 kapena 5. Ena amaphunzira pansi pa sukulu ya ku Blantyre ija. Ena amalemba mayeso a bungwe la COSECSA, limene linayamba m'chaka cha 1999, ndipo likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania. Mukaonkhetsa zonse mupeza kuti zaka zapitirira 10.

Tsono tamverani chinthu chachikulu. Ntchito imeneyi siphunzirika ndi buku lokha. Inu a m'mbali mwa Shire mudziwa kuti mwana saphunzira kupalasa bwato atakhala pamtunda. Poyamba amakhala m'bwato kuonerera atate ake. Pambuyo pake amapatsidwa nkhafi pa madzi odikha, atate ali pomwepo. Akazolowera ndipo amamulola kuoloka pamene madzi athamanga. Opaleshoni ili chimodzimodzi. Wophunzira amayamba ndi kuonerera. Kenaka amathandiza, kugwira zitsulo ndi kupukuta magazi. Kenaka amachita yekha, mphunzitsi ataima pambali pake. Opaleshoni iliyonse imene wachita kapena wathandiza amailemba m'kaundula wake, ndipo kaundulayo amaonedwa asanaloledwe kumaliza maphunziro.

Opaleshoni ili mitundu iwiri. Ilipo yadzidzidzi, imene siidikira kucha: mayi amene mwana wakanika kubadwa, munthu wogundidwa ndi galimoto, wolumidwa ndi ng'ona, kapena amene matumbo apotana. Ilipo ina yochita kupangana tsiku: phudzi, chithokomiro, chotupa chosapweteka, kapena matumbo otulukira m'chinena amene amabwerera okha munthu akagona. Mtundu wachiwiriwu ndiwo madzi odikha aja. Umachitika masana, wodwala ali ndi mphamvu, mphunzitsi ali ndi nthawi yolangiza. Pamenepo ndi pamene manja a wophunzira amakhwimira. Sungani mawu amenewa, chifukwa mliri unakantha pomwepa.

CHIMENE MLIRI UNACHITA

Nthenda ya Covid-19 inayamba kumveka ku Wuhan m'dziko la China mu Disembala 2019. Pa 11 Malichi 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti wasanduka mliri wa dziko lonse lapansi. Kuno kwathu sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo odwala oyamba atatu anapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo 2020. Nthawi imeneyo zipatala za m'maiko ambiri, ndi zathu zomwe, zinachepetsa kapena kuimitsa opaleshoni yopangana tsiku, n'kutsala ndi yadzidzidzi.

Ena a inu munabwezedwa pakhomo pa chipatala ndipo munakwiya. Mwina munati madotolo achita ulesi. Zifukwa zake zinali zitatu, ndipo n'zomveka.

Choyamba chinali kuteteza wodwalayo. M'chaka cha 2020 madotolo a m'maiko 24 anasonkhanitsa mbiri ya odwala opitirira 1,000 amene anachitidwa opaleshoni ali ndi kachilombo ka Covid-19. Anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anamwalira mwezi usanathe, ambiri chifukwa cha mapapo. Munthu wa phudzi angathe kudikira miyezi ingapo ali moyo. Kumuika pa tebulo kachilombo kali m'chifuwa kukanakhala kumuponya m'dzenje.

Chachiwiri chinali kuteteza ogwira ntchito. Pogoneka munthu tulo ta opaleshoni, kawirikawiri amalowetsa kapaipi pakhosi pake kuti kamuthandize kupuma. Polowetsa ndi potulutsa kapaipiko, timadontho ta m'chifuwa timamwazika m'chipinda chonse, ndipo kachilomboka kamayenda m'timadontho timeneti.

Chachitatu chinali kuchepa kwa zinthu. Mabedi, mpweya wa okosijeni, anamwino ndi ogoneka anthu tulo, zonsezi zinafunika kwa odwala Covid-19 amene anali kubanika. Akatswiri anawerengera kuti pa masabata 12 okha a pachimake pa mliri, opaleshoni zokwana 28 miliyoni zinayenera kulephereka pa dziko lonse lapansi.

Taonani tsono chimene chinagwera wophunzira. Madzi odikha aja anaphwa. Kaundula wake analeka kudzaza. Aphunzitsi ochokera kunja amene amabwera kudzathandiza kwa masabata angapo analeka kubwera, chifukwa ndege zonyamula anthu zinaima kuyambira mu Epulo 2020 kufikira mu Sepitembala. Misonkhano ya m'mawa, imene akulu ndi ophunzira amakambirana za odwala, inasamukira pa lamya ndi pa kompyuta. Kumva mawu pa lamya n'kothandiza ndithu, koma sikuphunzitsa chala kusiyanitsa mtsempha ndi mnofu. Ndiponso magetsi akazima kapena ndalama za intaneti zikatha, phunziro lathera pomwepo.

Magazi nawo anachepa. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale ndi za ukachenjede kupereka magazi. Sukulu zitatsekedwa, nkhokwe ya magazi inatsika. Popanda magazi dotolo sayamba opaleshoni yaikulu.

Panali chinanso chimene chinachokera kumudzi. Anthu ambiri anaopa chipatala. Mphekesera zinawanda zakuti ukapita kumeneko akakuuza kuti uli ndi korona, ndipo sukabwerako. Choncho munthu amene matumbo ake anatsekeka Lolemba anali kufika ku chipatala Lachisanu, atayamba wayesa zitsamba. Pofika, matumbo anali atawola. Ntchito imene ikanatenga ola limodzi inasanduka nkhondo ya usiku wonse, ndipo ena sanapulumuke. Wophunzira amene sanapatsidwe madzi odikha anapezeka akuoloka Shire wosefukira.

MATUPI NDI MITIMA YAWO

Tisaiwale kuti madotolo amenewa ndi ana a anthu. Ambiri ali ndi zaka za m'ma 30, ali ndi ana aang'ono kunyumba, ena akusunga makolo okalamba. M'chipatala chachikulu, amene amagona komweko usiku ndi kuyamba kuona wodwala wobwera mwadzidzidzi ndiye wophunzirayo. Motero iwo ndiwo anali kutsogolo.

Poyamba zovala zodzitetezera zinali zochepa m'dziko muno, monga zinalili m'maiko ambiri. Mu Epulo 2020 madotolo ndi anamwino a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi zipatala zina anayamba aleka ntchito masiku angapo, kupempha zovalazo ndi ndalama za chiopsezo. Kunja kwa chipatala nako sikunali mtendere. Kunamveka za anamwino okanizidwa kukwera minibasi, ndi za eni nyumba ofuna kutulutsa ogwira ntchito m'chipatala poopa nthenda. M'madera ena azaumoyo anathamangitsidwa pa maliro. Taganizani, inu mafumu, munthu wachezera usiku wonse kupulumutsa mwana wa mwini wake, m'mawa anthu akumuthawa ngati wakhate.

Nthawi yowawitsa inali Januwale 2021, pamene mliri unabweranso kachiwiri ndi ukali. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za Boma zinamwalira tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, amene inu a ku Chikwawa munawadziwa bwino. Tsiku lomwelo Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Odwala anachuluka kotero kuti Boma linatsegula zipatala zapadera pa bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe ndi ku nyumba ya Boma ku Zomba. Ogwira ntchito m'zipatala ambiri anadwala. Mmodzi akadwala ankakhala kwa yekha masiku ambiri, ndipo ntchito yake inagwera otsala. Bungwe la WHO linawerengera kuti kuyambira Januwale 2020 kufikira Meyi 2021 azaumoyo amene anafa ndi nthendayi pa dziko lonse anali pakati pa 80,000 ndi 180,000.

Kutopa kuli mitundu iwiri. Kulipo kutopa kwa thupi, kumene mlimi amakudziwa akaweruka kumunda. Kumeneko kumatha ndi nsima ndi tulo. Koma kulipo kutopa kwa mtima, kumene kumadza munthu akaona imfa zambiri, akasowa tulo masabata ambiri, ndipo akamaopa kuti iye yemwe ndiye atengere nthenda kwa mayi ake. Munthu wotere amakwiya msanga, amaiwala, chakudya sichimukomera, ndipo ntchito imene ankaikonda imamunyansa. Madotolo a m'maiko ambiri atafunsa ophunzira awo anapeza kuti kutopa kotere, nkhawa ndi kusowa tulo zinachuluka m'nthawi ya mliri. Pamwamba pa izi panali nkhawa ina yawoyawo: "Kodi zaka zanga zikatha, manja anga adzakhala atakhwima? Kodi ndikadzatsala ndekha, popanda mphunzitsi pambali, ndidzatha?" Limeneli si funso la munthu waulesi. Ndi funso la munthu woopa kulakwira wodwala.

KODI ZIKUKHUDZA BWANJI IFE A KU CHIGWA?

Wina anena kuti, "Zimenezo n'za ku Blantyre. Ife kuno tili ndi chipatala chathu." Zoona, zipatala zilipo: cha Boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, cha Montfort ku Nchalo, cha Trinity ku Muona. M'zipatala za m'maboma opaleshoni zambiri, monga yotulutsa mwana ndi ya phudzi, amachita ndi makiliniko ofesala, ndipo amagwira ntchito yotamandika. Koma nthenda ikakula, mutu ukasweka pa ngozi ya njinga yamoto, kapena khanda likabadwa lopanda njira ya chimbudzi, ambulansi imaoloka mlatho wa Kamuzu, n'kukwera phiri la Thabwa kunka ku Queen Elizabeth. Amene akalandire m'bale wanu pakati pa usiku kumeneko ndiye wophunzira tikunenayu. Ndiponso akatswiri omwewa ndiwo amaphunzitsa makiliniko ofesala ndi kuwalangiza. Chitsime chikaphwa kumtunda, kumunsi nako madzi safika.

Kuno ku chigwa ntchito ya opaleshoni ndi yambiri. Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma amene nthenda yotupitsa miyendo ndi kudzetsa phudzi, yofalitsidwa ndi udzudzu, inali yochuluka. M'chaka cha 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi wagonjetsa kufala kwa nthendayi. Koma mankhwala amene munkamwa chaka ndi chaka sachotsa phudzi limene linatupa kale. Limenelo limachoka ndi opaleshoni basi.

Akatswiri ndi ochepa. M'chaka cha 2015 madotolo a m'maiko ambiri anagwirizana kuti pa anthu 100,000 alionse payenera kukhala akatswiri 20 a opaleshoni, a uchembere ndi ogoneka anthu tulo. Dziko lathu lili kutali kwambiri ndi chiwerengero chimenechi. N'chifukwa chake wophunzira mmodzi akachedwa kumaliza, kapena akatopa n'kusiya ntchito, kapena akapita kunja osabweranso, dziko limamva kuwawa. Mlimi adziwa kuti mvula ikadula mu Januwale, njala siioneka mwezi womwewo. Imadzaoneka nkhokwe zikatha. Maphunziro a madotolo ali chomwecho. Chaka chimene chinasokonezeka mu 2020 chimadzamveka patapita zaka.

Ndipo anthuwa sanapeze mpata wopuma. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anamiza midzi ya kuno ku chigwa. Mu Malichi chaka chomwecho kolera inabuka, ndipo pofika 2023 inali itapha anthu opitirira 1,700. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri a ku Blantyre, ndipo ovulala ambirimbiri, othyoka mafupa ndi a zilonda zodzaza matope, anathamangitsidwira ku Queen Elizabeth.

Sitinena kuti zonse zinali zoipa. M'chaka cha 2020 pa Queen Elizabeth anamanga makina opangira mpweya wa okosijeni, amene amathandizanso odwala a opaleshoni. Maphunziro a pa lamya ndi pa kompyuta anatsala, ndipo tsopano wophunzira wa kuno angathe kumva phunziro la katswiri ali ku dziko lina. Chinanso n'chakuti akulu a zipatala anayamba kukamba poyera za kutopa kwa mtima, chinthu chimene kale dotolo ankachita nacho manyazi.

CHIMENE INU MUNGACHITE

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ngakhale nthendayo sinatheretu. M'Malawi muno inatenga anthu opitirira 2,600 amene anawerengedwa. Agogo athu anaona fuluwenza ya 1918, ife taona uwu, ndipo ana athu adzaona wawo. Tsono tiyeni tisunge maphunziro asanu awa.

Choyamba, fulumirani ndi wodwala, kaya kuli mliri kaya kulibe. Chotupa cha m'chinena chimene chinkabwerera chikaleka kubwerera, n'kumapweteka, munthu n'kumasanza ndi kulephera kuchita chimbudzi, pitani tsiku lomwelo. Mayi woyembekezera akadikirire ku chipatala masiku ake akayandikira, makamaka nyengo ya mvula pamene misewu imaduka. Wovulala m'mimba kapena m'mutu asagone kumudzi. Ngakhale pachimake pa mliri, opaleshoni yadzidzidzi sinatsekedwe.

Chachiwiri, mliri ukagwa tsatani malangizo a azaumoyo. Katemera wa Covid-19 anafika m'dziko muno pa 5 Malichi 2021, koma mu Meyi chaka chomwecho Boma linatentha katemera wopitirira 19,000 amene anatha mphamvu asanabayidwe. Munthu aliyense amene wapewa nthenda kumudzi wasiya bedi ndi mpweya kwa mayi wofuna opaleshoni.

Chachitatu, inu mafumu ndi nyakwawa, zimani mphekesera isanayake. Mukamva nkhani yachilendo yonena za chipatala, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzayankhe pabwalo anthu onse akumva. Safunsa anadya phula. Ndipo musalole kuti wazaumoyo anyozedwe kapena kuthamangitsidwa m'mudzi mwanu.

Chachinayi, perekani magazi. Munthu wamkulu wathanzi akapereka botolo limodzi, thupi lake limabwezeretsa. Tisasiyire ana a sukulu okha, chifukwa taona chimene chimachitika sukulu zikatsekedwa. A magazi akabwera pa msika kapena pa tchalitchi, mfumu ikayamba ndiyo kutambasula mkono, anthu ake amatsatira.

Chachisanu, mukapita ku chipatala chachikulu n'kupeza dotolo wachinyamata, musanene kuti, "Ine sindifuna mwana, ndifuna wamkulu." Mwanayo ndi dotolo kale, ndipo pa ntchito imene sanaizolowere mkulu wake amaima naye. Muli ndi ufulu wofunsa amene adzakuchiteni opaleshoni ndi amene adzayang'anire, ndipo ayenera kukuyankhani mwaulemu. Mukapatsidwa tsiku, lisungeni. Likasinthidwa, funsani tsiku lina, musangokhala kumudzi mpaka nthenda ikule. Katswiri wa imvi amene mumamufunayo nayenso anayamba ndi wodwala amene anamulola.

Mutu umodzi susenza denga. Boma lili ndi mbali yake, yogula zovala zodzitetezera nthawi isanathe, yolipira antchito ake, ndi yoona kuti ophunzira akupuma ndi kubwezeredwa maphunziro amene anataya. Aphunzitsi ali ndi mbali yawo. Mbali ya mudzi ndiyo imene tatchulayi. Mwina pakati pa ana amene akuweta mbuzi kwa Lundu lero pali wina amene adzagwira mpeni wa opaleshoni zaka zikudzazi. Mtumizeni ku sukulu, mtsikana ndi mnyamata yemwe.

Nyakwawa zifotokoze mawu awa pa msonkhano wa mudzi. Amene ali ndi funso akafunse kwa mlangizi wa zaumoyo kapena ku chipatala chimene ali nacho pafupi.